Woika moyo pachiswe ndi ngwazi, wokana kudya ndi wamwano?

Mu kosi ya thanzi la maganizo tafika pa matenda okhudza kadyedwe, ndipo pali funso limene likundisowetsa mtendere. Phiri la Everest, lotalika mamita 8,849, lapha anthu oposa 300, koma olikwera timawatamanda. Mu 2017 Alex Honnold anakwera thanthwe la El Capitan ku America popanda chingwe, filimu yake n'kupata mphoto ya Oscar. Koma mtsikana wodwala anorexia, matenda odzimana chakudya poopa kunenepa, amangouzidwa kuti, "Tadya iwe, usativutitse." Chonsecho matendawa ali m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri.

Anzanga ena m'kalasi akuti onsewa ndi amodzi: thupi ndi lawo, asankha okha. Ine ndikukana, ndipo chondikanitsa ndi kafukufuku wa wasayansi Ancel Keys ku Minnesota, ku America, wa mu 1944 mpaka 1945. Amuna 36 athanzi anavomera kuti azidya pafupifupi theka la chakudya chawo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Posakhalitsa nkhani yawo inangokhala ya chakudya basi. Ena anayamba kusonkhanitsa mabuku ophikira, ena kunyambita mbale, ena kutafuna pang'onopang'ono kuti chakudya chisathe msanga. Anasanduka anthu okwiyakwiya, odzipatula. Awa sanali odwala poyamba. Njala yokhayo ndiyo inasokoneza maganizo awo.

Honnold mu 2016 anayamba kukwera thanthwe lomwelo, ataona kuti zinthu sizili bwino anatsika. Anali ndi mphamvu yobwerera. Wodwala anorexia, ubongo umene ukanamuuza kuti "basi, leka" ndi womwewo umene wafooka ndi njala. Kumuuza kuti wasankha yekha ndi nkhanza.

Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti nthawi zina masewerawo ndi amene amabala matendawa. Pa mpikisano wodumpha ndi ma ski (timatabwa tovala kumapazi potsetsereka pa chipale chofewa), wopepuka amauluka patali, choncho ochita masewerawa ankadzimana chakudya mpaka bungwe loyendetsa masewerawa la FIS linakhazikitsa lamulo mu 2004 loti woonda mopitirira muyezo azigwiritsa ntchito ma ski aafupi. Christy Henrich, katswiri wa jiminasitiki wa ku America, anauzidwa ndi woweruza mpikisano kuti ndi wonenepa. Anayamba kudzimana chakudya uku akupitiriza kupikisana, anthu akumuombera m'manja. Anamwalira mu 1994 ali ndi zaka 22.