Madeti awiri ofanana, koma JavaScript ikuti ayi

Masiku atatu ndakhala ndikulimbana ndi kanthu kamodzi, ndipo usiku wapitawu m'pamene kalowa m'mutu. Mtima wakhala pansi tsopano.

Ndikulemba kapulogalamu koonetsa mamembala a banki m'khonde amene tsiku lawo lobweza ngongole lakwana. Ndinali ndi ma Date awiri (Date ndi object yosunga tsiku ndi nthawi mu JavaScript), onse a pa 15 Januwale 2024. Ndikalemba a <= b, yankho true. Ndikalemba a >= b, true. Koma a == b, false! Ndinafika poganiza kuti laputopu yasokonezeka.

Nkhani yake ndi iyi: < ndi > zimayamba zasandutsa Date kukhala nambala, mamilisekondi owerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1970. Koma == ikakumana ndi ma object awiri siyang'ana zam'kati, imangofunsa ngati chili chinthu chomwecho. Matumba awiri a ufa akhoza kulemera chimodzimodzi pa sikelo, komabe thumba ili si ilo. Ndipo mu JavaScript == simungaisinthe khalidwe.

Choncho ndinapita pa Date.prototype, pamene pamakhala ma method (ma function a object) amene ma Date onse amagwiritsa ntchito, n'kuikapo method yangayanga, tsikuLimodzi, yoyerekeza chaka, mwezi ndi tsiku basi (getFullYear, getMonth ndi getDate). Nthawi yomweyo Date aliyense mupulogalamu anaidziwa, ngakhale amene anapangidwa ndisanailembe. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti Date sasunga ma method m'thumba mwake, amakawabwereka ku prototype mukawaitana. Kwa ine palibe njira yokoma kuposa imeneyi. Code yake imawerengeka ngati chiganizo.

Poyamba ndinayesa kudula tsiku lokha pa mawu amene toISOString imatulutsa, omwe amakhala m'nthawi ya dziko lonse ya UTC, koma ndalama yolembedwa 1 koloko usiku inkaoneka ngati ya dzulo, poti kuno tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi anangoti "osakhudza prototype ya Date" n'kupitirira. Nditakweza mkono anati nthawi yatha. Chifukwa chake ndachifufuza ndekha, pa bandulo yausiku: mu 2018 method yatsopano ya Array (mndandanda wa zinthu mu JavaScript) imene inkayenera kutchedwa flatten anaitcha flat, chifukwa laibulale ya JavaScript yotchedwa MooTools inali itaika kale method ya dzinalo pa prototype ya Array ndipo mawebusayiti akale akanawonongeka.

Dzina loti tsikuLimodzi sindikuona amene angalimbirane nane. Komabe mnzanga wa m'gulu akadzatsegula fayilo ina n'kupeza method imene sanaionepo, adzadziwa kumene yachokera? Mwina function wamba ikanakwana. Pakadali pano ndaisiya pomwepo, koma maganizo akadali pawiri.