Carmo uja ndamumvetsa tsopano, mwina

Eee abale, masabata atatu ndikulimbana ndi asainimenti ya Convento do Carmo, tchalitchi ndi nyumba ya amonke yakale ya ku Lisbon ku Portugal, dzulo usiku ndi pomwe mutu watseguka. Zoti anaiyambitsa Nuno Álvares Pereira, mkulu wa asilikali a Portugal, mu 1389 atapambana nkhondo ya Aljubarrota, n'kudzalowamo yekha ngati mmonke mu 1423, zimenezo tonse tinaloweza kale, sindibwereza.

Chimandizunguza mutu ndi ma flying buttress (zochirikiza khoma zamiyala zomangidwa panja) asanu a khoma la kummwera la tchalitchicho. Ine ndimangoti mwala ukalemera umakanikiza pansi basi, ndiye zochirikiza khoma kuchokera panja n'zachiyani? Kodi kapena n'zokongoletsa?

Ndiye mnzanga wa mu rumu anati taima apa, tigundanitse zikhatho m'mwamba, uyedzamire kwa ine. Tonse tili m'masokosi, simenti yake yopolishidwa. Osatha ndi masekondi atatu mapazi anayamba kutsetsereka chammbuyo, ine mpaka bondo pansi. Pomwepo ndi pomwe ndinamva! Arch, miyala yomangidwa mopindika ngati uta ija, imakankha cham'mbali, ikufuna kutambasula miyendo, ndiye denga la miyala likakhala pamwamba makoma amakankhidwira kunja. Yosongoka ija imakankha pang'ono poyerekeza ndi yozungulira, koma imakankhabe. Titabwereza zidendene zitatsamira kukhoma, sitinasunthe ngakhale pang'ono. Buttress ndi imeneyo, munthu wokugwira kumsana. N'chifukwa chake anawonjezera asanu aja mu 1399 khoma la kummwera litagwa akumanga, malo akenso ndi potsetsereka.

Kunena zoona njira imeneyi ikuposa buku lililonse, chilichonse cha Gothic, kamangidwe kakale ka ku Ulaya ka ma arch osongoka, mukhoza kuchimva ndi thupi, ndikulumbira. Alekichala athu ola lonse amangowerenga masilaidi, timivi tofiira mbwee, ukafunsa akuti nthawi yatha tionana sabata yamawa. Mphindi ziwiri zokha kutiimika kutsogolo zikanawavuta chiyani? Semesita yake yothamanga ngati tikuthawa mvula.

Komabe pali pomwe ndakakamira. Chivomezi cha pa 1 Novembala 1755 chinagwetsa denga, anayamba kumanganso, ntchito n'kuima mu 1834 boma litathetsa magulu a amonke. Ndiye ma arch ambiri omwe timawaona pa zithunzi ali njo kumwamba opanda denga aja ndi omangidwa chivomezi chitapita, sananyamulepo denga la nthawi ya Nuno. Nanga poti palibe chowalemera, akukankhabe makoma ngati kale? Ndipo m'pepala langa ndiwatche Gothic kapena ayi? Kaya, Lachisanu lomwe likubwerali ndiye tsiku lopereka.