Kuthokoza kwanga pambuyo pa ulendo wa ku Sevilla

Ndafika bwino kuno ku Seattle, ndipo pamene ndikulemba mawu awa nthawi ili 3 koloko usiku. Tulo tandithawanso, chifukwa thupi langa likadakhulupirira kuti ndi masana ndipo tikuyenera kukhala tili pamsewu ku Sevilla. M'malo momangotembenuka pabedi, ndaona kuti ndi bwino ndithokoze tsopano, mapazi akadali m'mabandeji komanso mtima ukadali wodzaza.

Ndiyambe ndi Mulungu, amene anatisonkhanitsa amayi 6 patatha zaka 30 chitsirizireni sukulu ya unamwino, wina kuchokera uku wina uko, ndi kutibweza tonse m'makomo mwathu tili amoyo. Ambiri a inu munamva kale kuti ulendowu unandivuta, ndipo ena munapemphera nafe pa foni, choncho sindibwereza zonse.

Cholakwa changa chinali kupeputsa kusiyana kwa nthawi. Pakati pa Seattle ndi Spain pali maola 9, kotero kuti pamene anzanga ankati tiyeni tikadye nkhomaliro, kwa ine kunali kusanache, ndipo pamene iwo ankaliza mkonono ine ndinali maso gwa. Anzathu ochokera ku Lilongwe sanakhudze n'komwe mawotchi awo, pakuti m'miyezi yotentha ya ku Ulaya nthawi ya ku Spain imafanana ndendende ndi ya kumudzi, ndipo wa ku Leeds anangosuntha ola limodzi. Ine ndekha ndi amene ndinkayenda ngati wogona. Poti ndinazolowera ntchito ya usiku, ndinkadzitama kuti jet lag singandichite kanthu, koma ulendo wa sitima wochokera ku Madrid, umene umatenga maola awiri ndi theka, ndinaugona wonse, ndipo minda ya azitona imene anzanga ankaiyamikira ndinaionera pa zithunzi. Kuonjezera apo chikwama changa chinatsalira pa bwalo lina la ndege, m'menemo muli nsapato zanga zoyendera, ndipo ndinagula zina mothamanga osaziyesa bwino.

Tsiku loyamba ndinalimba mtima. Tinazungulira timisewu topanikizana ta ku Santa Cruz, kumene nyumba zimayandikana kwambiri moti dzuwa limavutika kufika pansi, kenaka tinalowa m'tchalitchi chachikulu chija chimene chinamangidwa pamalo pamene kale panali mzikiti. Manda a Christopher Columbus ali m'menemo, bokosi lake litasenzedwa pamapewa ndi ziboliboli zinayi, ndipo ndikuulula kuti nditaliona ndinachita nsanje ndi munthu wonyamulidwayo. Nsanja ya Giralda, imene inamalizidwa mu 1198 monga nsanja yoitanira anthu ku mapemphero a Chisilamu, ndi yotalika pafupifupi mamita 100, ndipo m'kati mwake munthu sakwera masitepe koma tinjira tokwera pang'onopang'ono toposa 30, tolembedwa manambala pakhoma. Amati anamanga chotero kuti munthu azitha kukwera ali pa kavalo. Ife tinalibe kavalo. Titafika cha pa nambala 20 ndinayamba kumva chizungulire, matuza ataphulika kale m'zidendene, ndipo apa m'pamene Amake mapasa anandigwira mkono osanena kanthu, n'kuyamba kundiwerengera manambalawo mmodzimmodzi monga amachitira ndi mayi amene ali pa bedi lochilira. Tinafika pamwamba pa mabelu tili awiri, anzathu atajambula kale zithunzi zawo zonse.

Amake mapasa, achemwali anga, ndikudziwa kuti simukonda kutchulidwa pagulu, koma lero mundikhululukire.

Tsiku lachiwiri ndi limene munalimva. Tinapita ku Plaza de España dzuwa lili paliwombo, nthawi imene eni mzinda amakhala atatseka mazenera ali m'nyumba, ndipo chikwangwani cha mtanda wobiriwira cha pa famase ina chinkaonetsa madigiri 41. Bwalolo ndi lokongola zedi. Linamangidwa pokonzekera chionetsero chachikulu cha mu 1929, ndipo m'mbali mwake muli mabenchi a matailosi opakidwa zithunzi, pafupifupi chigawo chilichonse cha dziko la Spain chili ndi malo ake. Ine ndinakhala pa limodzi la mabenchiwo kuti ndivule nsapato, m'maso munachita mdima, ndipo chotsatira chimene ndikukumbukira ndi nkhope zisanu zitandiweramira. Anamwino asanu pa wodwala mmodzi ndi msonkhano wovuta, chifukwa aliyense ankalamula zake, wina akuti tiimbe 112, nambala ya thandizo la mwadzidzidzi, wina akuti timukweze miyendo, wina akundimva kugunda kwa mtima pamkono uku akukangana ndi mnzake. Inu Amake mapasa munangomasula chitenje chanu, n'kuchinyowetsa ndi madzi a m'botolo, n'kundiika pakhosi ndi pachipumi, kenaka munapita nokha ku famase ndi foni yomasulira chinenero m'manja, n'kubwerako ndi mapaketi a mchere ndi shuga aja kwathu timati Thanzi, mabandeji, ndi chokupizira mphepo chimene sindinakutumeni.

Chimene ambiri simukuchidziwa ndi ichi. Masana omwewo tinali ndi matikiti olowera ku Real Alcázar, nyumba yachifumu imene mbali yake yotchuka inamangidwa ndi mfumu Pedro m'zaka za m'ma 1360, ndipo banja lachifumu la Spain limafikirabe m'menemo likabwera ku Sevilla. Matikiti ake amagulidwa pasadakhale ndipo amalembedwa ola lolowera. Pa gulu lathu lonse, munthu amene ankalakalaka malowo anali Amake mapasa. Minda yake ndi maiwe ake anazilankhula miyezi yambiri, chithunzi chake anachiika pa foni, ndipo unali ulendo wawo woyamba ku Ulaya, atavutikira visa monga mukudziwira, pambuyo pa chaka chimene tonse tikudziwa zimene anadutsamo. Ndinawachonderera kuti apite, wa ku Leeds anadzipereka kutsala nane, koma iwo anakana kwamtuwagalu, nati anzathu apite akationere ndi maso awo. Anandikweza takisi, anandigoneka, ndipo anakhala pampando pafupi ndi bedi akundimwetsa pang'onopang'ono mpaka madzulo. M'mawa mwake tinayesa kupeza tikiti ina koma za tsikulo zinali zitatha. Anayenda mtunda wonse kuchokera ku Lilongwe n'kukaona Alcázar kunja kwa mpanda.

Usiku umenewo tulo tinakananso. Cha m'ma 3 koloko ndinamva mphika ukulira m'khitchini, ndipo nditadzuka ndinapeza akuphika phala la mgaiwa umene anabwera nawo kuchokera kumudzi, poti anaona kuti kwa masiku awiri sindinadye kanthu kolimba. Tinakhala pansi awiriwiri, zenera lili lotsegula, tikumwa phala m'makapu a tiyi, tikukumbutsana za ku hositelo ndi za anzathu amene anatisiya. Anapemphera motsitsa mawu kuti asadzutse ena, ndipo m'pemphero lonselo sanatchule za iwo eni ngakhale kamodzi. Ambuye amene amaona zam'seri akubwezereni, achemwali, adalitse mapasa aja ndi nyumba yanu yonse.

Ndikuthokozanso mnzathu wa ku Leeds amene anatipezera nyumba ndi kusenza mapu a ulendo wonse, wa ku Johannesburg amene ananditsuka mabala m'mawa uliwonse uku akundiseka, mayi wa ku famase amene analeza mtima ndi mlendo wosadziwa chinenero, anzanga a kuntchito amene anandigwirira mashifiti, ndi bambo a kunyumba amene anayankha foni usiku osadandaula. Aja munkati tikulembeni mayina pa gulu la WhatsApp, n'kuzimitsa mafoni itakwana nthawi yosonkha ndalama ya nyumba, mauthenga anu ofunsa mphatso ndawaona.

Madzulo otsiriza ndi okhawo amene ndinauona mzindawo ndili maso enieni. Tinatuluka itadutsa 8 koloko, kukadali kowala chifukwa mu June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko, ndipo tinayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Guadalquivir, kudutsa pa nsanja ya Torre del Oro mpaka kuwoloka mlatho wopita ku Triana, ine nditavala masilipasi a Amake mapasa. Pamtsinje umenewu m'pamene zombo 5 za Magellan zinanyamukira mu 1519, ndipo patatha zaka zitatu chinabwerera chimodzi chokha ndi anthu 18. Wa ku Johannesburg atamva zimenezi anatiwerenga mokweza pamlathopo n'kupeza kuti ife tidakali 6. Tinadya chakudya chamadzulo 10 koloko itakwana, monga amachitira eni dziko, ana akusewerabe m'misewu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamaliza mbale yanga.

Achemwali, tikiti ya ku Alcázar ija ndi ngongole yanga, ndipo ndanena pamaso pa mboni zonsezi kuti musadzandikanize. Masilipasi anu ndabwera nawo kuno mosazindikira. Chikwama chija chinafika tsiku lonyamuka, ndipo nsapato zoyendera zabwerera ku Seattle zisanaponde fumbi la ku Spain. Zithunzi nditumiza ndikagonako.