Gasi sanathe, linali fumbi

Sabata yatha ndinachita manyazi ku Nchalo, ndipo ndati ndilembe ndisanaiwale.

Ndikuphunzira zokonza mafiriji ndi maeyakoni (makina oziziritsa m'nyumba), ndipo miyezi ino ndikuyenda ndi mmisiri wina wachikulire kuno ku Chikwawa kuti manja azolowere. Tinaitanidwa kunyumba ina komwe mayi ake a panyumbapo ankadandaula kuti eyakoni ikungolira usiku wonse koma m'chipinda mukutenthabe, kwinaku mayunitsi akutha msanga. Ine, ndisanaigwire n'komwe, ndinafulumira pakamwa: "Mayi, gasi watha ameneyu." Abwana anga anandiyang'ana kanthawi. "Iwe, gasi amatha ngati palafini? Tatsegula chivindikirocho tione."

Nditatulutsa sefa yotchinga fumbi, inali ngati chiguduli cha bulangeti. Fumbi lofiirira linali litamatana ndi ubweya wa nsalu ndi timizere ta phulusa lakuda lija limagwa minda ya nzimbe ikamawotchedwa. Nditaikweza padzuwa, kuwala sikunadutse. Kuseri kwake, pa mapaipi a kopa aja amadutsa m'tizitsulo topyapyala, panali pataundana madzi. Mu Okutobala, ku Nchalo!

Apa m'pamene zimene tinkalemba m'kope zinandilowa m'mutu. Eyakoni sipanga kuzizira ayi, ntchito yake ndi kusamutsa kutentha. Mbali ya m'nyumba imayamwa kutentha kwa mpweya wa m'chipinda, gasi n'kukutenga kupita nako kunja, ndipo mbali ya kunja imakutaya. Zonsezi zimadalira mpweya kudutsa bwino mbali zonse ziwiri. Sefa ikatsekeka, mpweya wofunda sufika wokwanira pa mapaipi a m'kati, choncho amazizira mopitirira muyeso mpaka chinyezi chimaundana pamenepo, madzi oundanawo n'kutsekanso mpata womwe unatsala. Gasi, kaya wa mtundu wa R32, R410A kapena R22 wa m'makina akale, amangozungulira m'mapaipi opanda potulukira, satha. Akachepa ndiye kuti pali pobowoka, ndipo kungowonjezera wina osafufuza pobowokapo ndi kudyera mwini nyumba ndalama basi.

Koma chomwe chimapha makina chili kunja. Tinazungulira kuseri kwa nyumba, komwe bokosi lakunja analiika pansi penipeni, moyang'ana msewu wafumbi womwe njinga zamoto za kabaza zimadutsa tsiku lonse. Tizitsulo take tinali titamatidwa dothi, mavu atamanganso nyumba zawo pakona. Kuno ku chigwa cha Shire, ku Ngabu kapena ku Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Tangoganizani makina akulimbana kutaya kutentha mu mpweya wotentha kale chonchi, kenaka mwawafunditsanso fumbi. Kutentha kukalephera kutuluka, gasi amapanikizika kwambiri, kompuresa, yomwe imapopa gasiyo, imakoka magetsi ambiri, imatentha, imazima yokha, ikapuma pang'ono n'kuyambanso. Abwana anapanitsa mita yoyezera magetsi pa waya n'kundionetsa: eyakoniyo inkakoka magetsi oposa omwe analembedwa pa kachikwangwani kake. Kuzimazima kumeneku kumatopetsa kapasita (kachipangizo kothandiza kompuresa kuyamba ndi kuyenda bwino), mafuta a m'kompuresa amawonongeka ndi kutentha, ndipo tsiku lina mawaya a m'kati amapsa. Makina oti akanatumikira zaka 10 kapena 15 amafa akadali atsopano, ndipo kompuresa ndiyo chipangizo chodula kuposa zonse m'menemo.

Ntchito yake inali yochepa modabwitsa. Tinazimitsa magetsi, ndinatsuka sefa pampopi ndi kuiyanika pamthunzi, ndipo bokosi lakunja tinalisesa ndi kaburashi kofewa kenaka kuthira madzi pang'onopang'ono. Ine ndinafuna kupanikiza paipi ndi chala kuti madzi atuluke mwamphamvu, abwana anandigwira dzanja: tizitsulo tija timapindika msanga, ndipo tikapindika mpweya sudutsanso. Kapaipi kotulutsa madzi nakonso kanali katadzaza matope, chifukwa fumbi likakumana ndi chinyezi limasanduka phala. N'chifukwa chake khoma la mayiwo linali ndi mzere wa madzi pansi pa makinawo. 

Chimene sindikugwirizana nacho ndi chizolowezi chathu amisiri ena chothamangira silinda ya gasi, chifukwa ndi yomwe imabweretsa ndalama. Kutsuka kumaoneka ngati si ntchito ya munthu wophunzira. Inenso ndimomwe ndinkaganizira mpaka tsiku limenelo.

Madzi oundana aja atasungunuka tinayatsa, mpweya wozizira n'kuyamba kutuluka, mita nayo n'kutsika. Abwana anawauza mayiwo kuti m'nyengo ya fumbi ino, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, azitsuka sefa pakatha milungu iwiri iliyonse, ndipo bokosi lakunja likwezedwe pakhoma. Mayiwo anandiyang'ana akumwetulira: "Nanga achimwene, gasi uja tigulebe?"