Zomwe tidakaona koyeretsera madzi a mu Shire

Gulu lathu la ogwira ntchito yoyeretsa madzi lidakacheza kwa anzathu omwe amapopa madzi mu Shire. Tidasankha dala dzinja, mtsinje utafiira ndi dothi lokokoloka kumtunda, chifukwa ndi pomwe ntchitoyi imavuta.

Tidayambira mu labotale, pa jar test, komwe ndi kuyesa m'majagi kuchuluka kwa mankhwala ofunika kuthira m'madzi. Amasungunula magalamu 10 a alamu, mankhwala ogwiranitsa matope kuti amire, mu lita imodzi ya madzi oyera. Mililita imodzi ya msuziwo ikalowa mu jagi ya lita imodzi, ndiye kuti mwathira mamiligalamu 10 pa lita. Majagi 6 a madzi a mumtsinje adalandira kuyambira mililita imodzi mpaka 6. Makina adatakasa mwamphamvu mphindi imodzi, kenako pang'onopang'ono mphindi 20, n'kuwasiya mphindi 30 kuti adikhe.

Apa m'pomwe tidakhalitsa. Jagi yoyamba idangokhala mbuu. Mu yachinayi matope adagwirana timibulu tonga madeya, n'kumira msanga, pamwamba pali mbee. Yomaliza, yomwe idadya alamu wambiri, siidapose yachinayiyo. Alamu amatsitsa pH, muyeso womwe umatsika asidi akamachuluka m'madzi, ndipo ikatsika kufika pansi pa 6 timibulu sitigwirana bwino, mpaka pamafunika laimu kuti ikwerenso. Choncho chizolowezi chongowonjezera mankhwala madzi akada n'kutaya ndalama. Mvula ikagwa usiku, muyeso wadzulo watha ntchito, yesaninso.

Kumasefa a mchenga adatiphunzitsa kutunga madzi otuluka mu sefa iliyonse payokha. Mukayeza osakanizidwa kale, sefa yodwala imabisala kumbuyo kwa zinzake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti kuda kwa madzi kusafike 1 pa muyeso wake wotchedwa NTU kuti klorini agwire bwino, poti tizilombo timabisala m'matope. Kachilombo koyambitsa kutsegula m'mimba, Cryptosporidium, ndiye samva n'komwe klorini: mu 1993 adadwalitsa anthu pafupifupi 400,000 ku Milwaukee, ku America.

Tidaonereranso potsuka sefa, madzi akukankhidwa kuchokera pansi. Mchenga uyenera kutukuka mofanana ponseponse. Pomwe pakubwata kwambiri, pansipo china chathyoka; pomwe pangoti zii, mchenga wamatana. Madzi ataphwa, pisani dzanja: mukatola mibulu yamatope yonga nandolo, kutsukako sikukukwana, ndipo madzi ayamba kudzipezera tinjira tachidule.

Chomwe tagwirizana kuyamba kwathu ndi ichi: madzi oyamba kutuluka sefa ikangotsukidwa tiziwataya kaye, chifukwa amakhala asanayere, mpaka mita ya NTU itatsika.