Zitsamba ndi miyala ya m'impso

M'misika yathu, kuphatikizapo wa Zomba, simusowa mabotolo a madzi a mizu ndi makungwa amene ogulitsa amati amasungunula miyala ya m'impso. Kawirikawiri botolo silinena kuti muli mtengo wanji, ndipo mlingo wake umangotchulidwa pakamwa. Ine sindinyoza zitsamba, koma pa nkhani ya impso ndimafuna tiyambe tamvetsa mmene mwalawo umapangikira.

Miyala yambiri imakhala ya calcium oxalate, mtundu wina wa mchere (osati wa m'ndiwo) umene umapangika calcium akalumikizana ndi oxalate mu mkodzo. Munthu akamamwa madzi ochepa, mkodzo umachepanso n'kuda, ndipo timibulu ta mcherewu timayamba kugwirana mpaka kusanduka mwala. Chimodzi mwa zimene zimalepheretsa kugwiranaku ndi citrate, chinthu chopezeka mu mkodzo komanso m'zipatso zowawasa, n'chifukwa chake madokotala amapereka potassium citrate kwa odwala amene miyala imawabwerera. Mandimu ali ndi citrate wochuluka, choncho pa zomera zonse zimene zimatchulidwa, ine ndimakhulupirira kwambiri ndimu lofinyira m'madzi akumwa, lopanda shuga, ngakhale mphamvu yake siifika pa ya mankhwala a kuchipatala.

Chitsamba chotchuka kwambiri pa nkhaniyi ndi Phyllanthus niruri, kachomera kakafupi kokhala ndi timbewu kunsi kwa timasamba take, kamene anthu a ku Brazil ndi Peru akhala akumwa kuyambira kalekale. Poyesa m'labotale, madzi ake amaoneka kuti amachepetsa kugwirana kwa timibulu tija, koma kafukufuku wa pa anthu ndi wochepa ndipo sanatsimikize kuti kamaphwanya mwala umene wakula kale. Zomera za mtunduwu zimafanana kwambiri, moti kuzisiyanitsa ndi ntchito ya akatswiri ngati a ku National Herbarium, malo ofufuzira zomera kuno ku Zomba, osati ya diso la munthu wongodutsa m'munda.

Kusokoneza zomera si nkhani yamasewera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 ku Belgium anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe munalowa Aristolochia m'malo mwa chomera china.

Ngakhale ndiwo zathu zili ndi mbali yake. Bonongwe ali ndi oxalate wambiri, amene amapanga nawo miyala ija, koma sikuti tim'siye. Kumuwiritsa n'kutaya madzi ake kumachepetsako, ndipo kudyera limodzi ndi matemba kumathandiza chifukwa calcium wa m'minga zake amagwira oxalate m'matumbo asanafike ku impso. Mchere nawo uchepe m'mbale. Amene anadwalapo miyala amalangizidwa kumwa madzi okwanira kutulutsa mkodzo wa malita 2.5 patsiku, zomwe n'zovuta ndithu kwa wakabaza kapena msodzi wa ku Chilwa m'chitungu cha mu Okutobala.

Ululu woyambira m'nthiti kutsikira kuchinena, magazi mu mkodzo kapena kutentha thupi n'zofunika kupita nazo kuchipatala msanga, kumene angaunike kukula kwa mwalawo. Wosaposa mamilimita 5 nthawi zambiri umatuluka wokha, pamene woposa mamilimita 10 kawirikawiri umafuna kuti madokotala auphwanye kapena auchotse.