Ine ndi Phulusa pa phiri la Zomba: pomwe tafika

Lero ndi Loweruka lachisanu ndi chiwiri chiyambire kuphunzitsa Phulusa kuyenda pa chingwe, ndiye ndati ndilembe pomwe tafika ndisanaiwale. Phulusa ndi galu wachikuda, wamkazi, ubweya wake wotuwa monga dzina likunenera. Ndinamutenga kwa azakhali anga ku Chinamwali, komwe ankakhala pa tcheni usana wonse n'kumamasulidwa usiku kuti azilondera. Mpaka pano m'khosi mwake muli mzere wopanda ubweya momwe munkadutsa tcheniyo, ndipo ndikaugwira mtima umandiwawa.

Masabata awiri oyamba sitinatuluke kumpanda. Akangoona chingwe ankagona pansi, makutu atapinda, poganiza kuti akumangidwanso. Ndinkamuveka lamba wa m'khosi, kumupatsa kamutu ka usipa, n'kumuvula, basi. Tsiku lina kawiri, lina katatu. Chakumapeto kwa sabata yachiwiri, nditatenga chingwecho pamsomali anadzuka yekha n'kubwera akugwedeza mchira. M'masiku omwewo ndinakamubayitsa katemera wa chiwewe, ndipo kapepala kake sikachoka m'thumba langa. Pa nkhani iyi sindinyengerera munthu. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, ndipo m'njira za kuphiri mumadutsa ana ndi amayi osenza nkhuni tsiku lililonse.

Sabata yachitatu tinangozungulira m'tauni m'mawa dzuwa lisanatenthe. Amawopa njinga zamoto, koma za anthu alibe nazo kanthu. Yachinayi tinayesa Potato Path, njira yotsetsereka ija yomwe alimi ankatsitsiramo mbatata kuchokera pamwamba. Tinabwerera panjira. Anali wefuwefu lilime lonse panja, madzi ndinatenga ochepa, ndipo galu amene wakulira pa tcheni miyendo yake sinazolowere mtunda.

Ulendo umene ndikufuna kuufotokoza bwino ndi wa sabata yachisanu. Alamu anga anatikweza pa galimoto yawo mpaka pafupi ndi hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri, Phulusa atakhala pa chiguduli kumbuyo. Titangotsika, anyamata ogulitsa sitiroberi ndi timabulosi tachikasu tija anatizungulira. Mmodzi anafunsa ali chapatali, "Achimwene, ameneyu saluma?" Ndinati saluma, koma asamugwire kumutu. Mnzake anaseka n'kunena kuti sanaonepo galu wachikuda akuyendetsedwa pa chingwe ngati wa azungu. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo sindigwirizana nawo. Galu wachikuda amapirira dzuwa, amadya zomwe tikudya pakhomo, amagwira msanga zomwe ukumuphunzitsa. Chimene timamumana ndi nthawi yathu basi.

Tinadutsa ku damu la Mulunguzi. Ankakoka chingwe kufuna kulowa m'madzi, ine ndinakana, chifukwa madzi amenewo ndi omwe timamwa anthu a mu mzinda wa Zomba. Ndinamuthirira ake m'kabakuli. Kenako tinalowa m'mitengo ya paini kulowera ku mathithi a Williams. Pansi ponse panali masamba ouma a paini, ofewa, moti mapazi athu sankamveka. Mwadzidzidzi Phulusa anaima chilili, ubweya wa pamsana utanyamuka. Ine ndinali ndisanaone kanthu. Patsogolo pathu panali gulu la anyani likudutsa njira, ana atakakamira pamimba pa amayi awo, ndipo chimphongo chachikulu chinakhala pa chitsa n'kumatiyang'anitsitsa. Chinayasamula, mano onse poyera. Nyani wamphongo akhoza kung'amba galu, ndiye ndinakulunga chingwe kudzanja, ndinati "Khala!" motsitsa mawu. Anakhala. Thupi lonse likunjenjemera, kukhosi kukulira pang'onopang'ono, koma anakhala mpaka nyani womaliza atalowa m'tchire. Liwu lomwe tinkaphunzira pakhonde ndi mitu ya usipa linagwira ntchito pamalo oopsa. Ndinagwada pomwepo n'kumukumbatira.

Ku mathithi ndinamulola kuponda m'madzi osaya chakumunsi. Anali ozizira kwambiri, anangonyowetsa mapazi n'kutuluka akudzikutumula.

Titafika kunyumba ndinamupeza ndi nkhupakupa zinayi, ziwiri m'makutu, ina kukhwapa, ina pakati pa zala. Chiyambire tsiku limenelo, tikangobwera ndimamukhazika pa mkeka n'kumufufuza thupi lonse ndisanavule ngakhale nsapato. Ndimagwira nkhupakupa pafupi ndi khungu n'kukoka pang'onopang'ono kuti mutu usatsalire. Matenda a nkhupakupa amamaliza galu magazi, choncho ndimayang'ananso nkhama zake ngati zili zofiirira bwino.

Sabata yatha kunali chiperoni, sitinapite.

Lero tafika ku Emperor's View, malo omwe anapatsidwa dzinali Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia itafikapo m'chaka cha 1965. Nkhungu inachoka cha m'ma 10 koloko, tauni yonse inaonekera pansi pathu, kutsogolo nyanja ya Chilwa, ndipo chapatali phiri la Mulanje lili bii. Phulusa za kuona malo analibe nazo ntchito. Anagona pa mwala wofunda, mutu atatsamiritsa pa phazi langa, mphuno ikungonunkhiza mphepo. Ulendo wonse sanakoke chingwe kupatula pomwe tinakumana ndi amayi atatu osenza nkhuni. Ndinapatuka naye n'kumukhazika pansi kuti adutse momasuka, ndipo mmodzi anati, "Zikomo bambo, koma galu wanuyu ndi waulemu."

Alamu anga anati tsiku lina tipite naye ku Liwonde, koma m'malo osungira nyama zakutchire agalu saloledwa, ndipo n'zomveka. Cholinga changa ndi dzenje la Chingwe, kumadzulo kwa phirili, komwe umaona chigwa cha Shire. Ndi kutali, ndipo pamphepete pa dzenjelo sindingayerekeze kumumasula. Tisanapite ndikufuna azolowere kuyenda maola anayi osatopa, komanso kuti ndikamuitana azibwera nthawi yomweyo ngakhale ataona pusi. Pa kuitanaku tidakali kutali: pakhomo amabwera, kutchire amayamba waganiza. Mawa madzulo tikayesa pa bwalo la mpira ndi chingwe chachitali chomwe ndagula kumsika.